Chiyankhulo cha kunyumba pa lipoti la mwana wa ku Delft

Kwa ife amene tinalemba mayeso a Sitandade 8 ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, kukhoza ndi kusankhidwa zinali zinthu ziwiri zosiyana. Munthu ankatha kukhoza bwinobwino, setifiketi n'kulandira, koma dzina lake osapezeka pa mndandanda wa opita ku sekondale. Anzathu ambiri ankabwereza kalasi yomweyo kawiri kapena katatu, ena mpaka kusintha dzina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994 ana anachuluka kwambiri, ndipo sukulu za CDSS zimene zinabwera mu 1998 zinangochepetsako vutoli. Mpaka lero mayeso a PSLCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, ndiwo amagawa ana: uyu ku sukulu yogonera konko, uyu ku yoyendera, uyo kumudzi. Kupatula pepala la Chichewa, mafunso amakhala m'Chingerezi.

Mlongo wanga amakhala ku Delft, dera limene linayamba kumangidwa mu 1989 pafupi ndi bwalo la ndege la Cape Town, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni. Mwana wake wamkazi atafika Giredi 7, mlongo wangayo anandiuza mokondwa kuti kumeneko kulibe zosankhana, mwana amangopita ku Giredi 8. Sananame. Dziko la South Africa lilibe mayeso a boma otsekera pulayimale, ndipo lamulo la sukulu la mu 1996 limaletsa sukulu za boma kuyesa mwana mayeso asanamulandire. Mayeso amene boma la chigawo cha Western Cape limalembetsa ku Giredi 3, 6 ndi 9 cholinga chake n'kuyeza sukulu, osati kusankha ana. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamulanso kuti mwana asathamangitsidwe kusukulu chifukwa chosowa zikalata, chigamulo chimene Amalawi a ku Joni ayenera kuchidziwa.

Komabe lipoti la mdzukulu wa amayi angayu linandikhalitsa pansi. Kuti mwana wa Giredi 7 apitirire, amafunika kupeza malikisi 50 pa 100 m'phunziro lotchedwa Home Language, 40 m'chiyankhulo chachiwiri, ndi 40 m'masamu. Mlingo wa chiyankhulo cha kunyumba ndi wokwera chifukwa amene anaukonza ankaganiza za mwana amene anachiyamwira m'bere. Ku Delft ziyankhulo zimene sukulu zingapereke pa mzere umenewu ndi Chiafrikaans, Chixhosa kapena Chingerezi. Mwanayu anamulembetsa Chingerezi. Kunyumba kwawo Chingerezi chimamveka pa wailesi yakanema basi. Pa mphasa ya nsima amayankhula Chichewa, panjira ndi anzake Chixhosa chosakaniza ndi Chiafrikaans. Mwana wodziwa ziyankhulo zinayi amaoneka pa lipoti ngati wofooka m'chiyankhulo cha kwawo, pamene chiyankhulo chenichenicho palibe amene anamufunsapo.

Pali chinanso chimene mlongo wanga anachidziwa mochedwa. Makolo amapempha malo a Giredi 8 pa intaneti kumayambiriro kwa chaka, mwana atangolowa Giredi 7, ndipo pamafunika lipoti lomaliza. Kutanthauza kuti lipoti la Giredi 6 ndilo limafika pamaso pa aphunzitsi aakulu. Lamulo likuletsa mayeso, inde, koma sukulu imene yalandira mapempho oposa mipando yake siingalephere kuliyang'ana pepalalo, ndipo chaka ndi chaka m'chigawochi mumakhala ana amene sukulu zimatsegulidwa iwo asanapeze malo. Ife tinkadziwa tsiku limene tikuweruzidwa, tinkagonera kusukulu kuwerenga ndi koloboyi. Mwana wa ku Delft amaweruzidwa ndi mayeso amene ankawayesa wamba.

Mlongo wanga anaganizapo zomutumiza kumudzi kuti akalembe PSLCE. Ndinamufunsa mwanayo ngati angakonde. Anayankha mwaulemu kuti, "Amalume, Chichewa ndimachimva chonse, koma sindinachilembepo." Ndinamupatsa pepala kuti alembe zimene wanenazo. Analemba mawu akuti "chonse" ndi "tsh" kumayambiriro, monga amalembera Chixhosa, ndipo kwa ine wophunzitsa za ziyankhulo kunali kulemba kwanzeru. Wochonga mayeso a MANEB angauthethe mzere wofiira. Nkhani yopita kumudzi inathera pomwepo, ndipo madzulo amenewo tinakhala pa foni ya mayi ake kusankha sukulu zoti tipempheko malo, tikuwerengera mtengo wa minibasi kuchokera ku Delft kupita ku Bellville.