Pepala lija si la pa roadblock chabe

Ambiri a ife muno mu Lusaka timadziwa inshuwalansi ngati pepala loonetsa apolisi pa roadblock. Road tax ikatsala pang'ono kutha, funso limakhala limodzi chabe: yotchipa ni iti? Timalipira ya miyezi itatu, pepala tiponya m'motoka, basi. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 2002, silola motoka kuyenda popanda third party, ndipo ku RTSA sungalipire road tax ulibe inshuwalansi. Ndiye timagula poopa kugwidwa. Zimene pepalalo limachita tsiku la ngozi, ochepa ndi amene amafunsa.

Third party imalipira munthu wina amene iwe wamuvulaza kapena kumuwonongera katundu, mpaka pa malire a ndalama olembedwa mu polise. Motoka yako siikhudza. Comprehensive ndiye imakonza ndi yako yomwe, ngakhale wolakwa utakhala iwe. Ine ndili ndi comprehensive pa ka Vitz kanga, chifukwa ndinakagula ndi loni ndipo ndikali kulipira.

Chaka chatha, Lachisanu lina madzulo, ndinali pa mzere wa mamotoka pa Lumumba Road pamene Canter inandigunda kumbuyo. Palibe amene anavulala. Bampa inalendewera, nyali imodzi inasweka, buti inapindika. Dalaivala anatsika akunjenjemera, mnyamata wa msinkhu wanga.

"Boss, tikambisane chabe," anatero. "Nili na K1,500 pa foni, nitumiza manje manje. Ba boss banga bakamvela, nchito yasila."

Anthu anali atasonkhana kale. Ba mudala ena anandigwira paphewa: "Mwana wanga, mumvelele chifundo, ni muntu munzako." Ma minibasi kumbuyo anali kuliza mahutala kuti tichoke pamsewu.

Chifundo ndinamumveradi. Ndimadziwa mmene ntchito ikuvutira kupeza m'tauni muno. Koma ndinadziwanso kuti ndikalandira ndalama ija n'kuchokapo, sipadzakhala police report, ndipo popanda report kampani ya inshuwalansi siingayambe n'komwe kuona nkhani yanga. Tisanasunthe mamotoka ndinajambula zithunzi: mmene anaimira, manambala ake, pamene pawonongeka, laisensi ya mnyamatayo ndi pepala la inshuwalansi ya Canter. Mayi wina wogulitsa pafupi anavomera kundipatsa nambala yake monga mboni. Kenako tinapita ku polisi, aliyense anapereka statement yake. Report ndinailipirira, risiti ndinasunga, ndipo inatuluka patapita masiku angapo.

Lolemba m'mawa ndinali kale ku ofesi ya inshuwalansi, chifukwa polise imaika nthawi yoti udziwitse kampani, ukachedwa angakane. Anandipatsa fomu ya claim ndi kundiuza zobweretsa: NRC, laisensi, white book, police report ndi makotesheni atatu ochokera ku magalaji osiyana. Anandichenjezanso kuti ndisakonzetse chilichonse, ngakhale bampa, asesa wawo asanaone motoka.

Makanika woyamba atakweza kapeti ya mu buti anaimba mluzu. Chitsulo cha pansi, pamene pamakhala tayala la sipeya, chinali chitakwinyika, loko nayo inali itathyoka. Kotesheni yotsika pa zitatuzo inapitirira K14,000. Pamsewu paja, ndi maso chabe, aliyense akanalumbira kuti K1,500 ikwana.

Pa fomu pali funso limodzi limene achinyamata anzanga muyenera kuliganizira lero, ngozi isanachitike: motoka inali pa ntchito yanji? Ambiri tikuyendetsa Yango kapena kuperekera katundu madzulo tikakomboka, koma polise tinagula ya private. Ngozi ikachitika uli ndi kasitomala m'motoka, kampani ili ndi chifukwa chokanira. Chimodzimodzi ngati amene anali pa chiwongolero alibe laisensi kapena anali atamwa. Ine ndinali kuchokera ku ntchito ndekha, choncho apo ndinadutsa.

Kenako pali excess, gawo la ndalama zokonzera limene umalipira wekha. Limalembedwa mu polise kuyambira tsiku logula, koma ambiri amalimva koyamba motoka ili kale ku galaji. Langa ndinalilipira mtima ukuwawa, poti wolakwa sindinali ine. Mlongo wa pa desiki anandifotokozera kuti kampani yanga ikakonza motoka, imapita kukatenga ndalama zake ku kampani ya Canter, pogwiritsa ntchito police report yomwe ija.

Chovuta kwambiri chinali kudikira. Masabata asanu ndinabwerera pa minibasi, loni ikudulidwa pa malipiro monga mwa masiku onse, motoka ili pa galaji ikusonkhanitsa fumbi. Ndikaimba foni ankati fayilo ili kwa ba manager. Mawa lake ankati asesa sanatumize lipoti. Ndinali ndi kabuku komwe ndinkalemba tsiku, nthawi ndi zimene andiuza, ndipo foni iliyonse ndinkaitsatiza ndi imelo yaifupi yokhala ndi nambala ya claim. Sabata yachinayi ndinalemba mwaulemu kuti ndikapanda kupatsidwa tsiku lenileni, ndikadandaula ku Pensions and Insurance Authority, bungwe la boma limene limayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a makasitomala. Patangopita masiku awiri, galaji inalandira kalata yoti iyambe ntchito.

Motoka itatha anandipatsa pepala losaina kuti ndakhutira. Ukasaina limenelo, nkhani yatsekedwa. Ndinayamba ndatsegula ndi kutseka buti kangapo, kuyesa nyali zonse, ndi kuona penti panja pa dzuwa. Nyali ya rivesi sinali kuyaka. Anaikonza pomwepo, kenako ndinasaina.

Mnyamata wa Canter uja tinaonananso ku polisi tsiku lotenga report. Inshuwalansi ya bwana wake inali yosatha, ndipo third party imeneyo inalipo ndendende chifukwa cha ngozi yotere. Iye sanadziwe. Anali wokonzeka kupereka ndalama ya lendi m'thumba mwake pa chinthu chimene bwana wake analipirira kale. Analipira faindi ya ku polisi, ndipo pa tsikulo anali akali pa ntchito.

"Tikambisane" sindikuyinyoza. Pa ka scratch ka pa parking, kamene mtengo wake sufika n'komwe pa excess, kugwirizana pomwepo n'kwanzeru. Koma chitsulo chikapindika, kapena munthu akadandaula khosi kapena msana, kukambirana kwa pamsewu kumasiya wina akulira patatha sabata, ndipo nthawi zina amalira onse awiri.

Weekend ino tulutsani pepala lija m'motoka muone zinthu zinayi: mtundu wa inshuwalansi, tsiku lothera, kuchuluka kwa excess, ndi ntchito imene motoka inalembetsedwa. Ngati mumayendetsa motoka ya abwana kapena ya ba uncle, jambulani pepalalo pa foni, musungenso nambala ya kampaniyo.