Kamseu Kotsikira ku Nyanja pa Kande

M'mwezi wa Marici ndinayenda pa mseu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, umene ucokera ku Salima, nupitirira pa Nkhotakota ndi pa Dwangwa kunka ku Chintheche. Pa Kande ndinatsika galimoto, ndipo ndinatsata kamseu kadothi kotsikira kugombe. Usiku wace kunagwa mbvula yamphamvu, monga igwera kawirikawiri m'dziko la Atonga.

Kamseuko kanali katasanduka mtsinje. Timiyala timene anthu anathirapo m'cilimwe tinali titakokoloka tonse, ndipo pakati pace panatseguka cigwembe cofika m'mabondo. Ndinalondola madziwo kuti ndidziwe kumene acokera. Sanacokere kuphiri ai, koma pa madenga a malata, pa mabwalo osesedwa bwino ndi m'minda ya cinangwa. Khomo lililonse linatsanulira madzi ace mumseu. Kumunsi mcenga unatseka kalabati, madzi nasefukira pabwalo la mai wina, amene ndinampeza alikuyanika mphasa zace pa mpanda.

Pofika kugombe ndinaona nyanja yofiira ngati katondo. Apa ndipo pali bvuto lalikulu. Tinsomba ta mbuna tidya ndere zomera pa miyala ya m'madzi. Matope akakuta miyalayo, cakudya cao catha. Mpasa nayo ikwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera, ndipo matope aphimba mazirawo. Cotero dothi limene mlimi alilira kumtunda, msodzi alilira kumunsi.

Mankhwala ace sali a mtengo wapatali. Bambo wina wa pamenepo anandionetsa tingalande timene anakumba copingasa m'mbali mwa njira yace, kuti madzi apatukire m'nthoci asanasonkhane. Pakati pa njira anakwezapo ngati msana wa ng'ombe, ndi m'mphepete anabzala udzu wa vetiva, umene mizu yace ilowa pansi kwambiri. Pakhomo pace pokha timiyala tinali cikhalire.

Inu a m'midzi, musadikire boma pa kanthu kamene khasu likhoza. Mbvula isanayambe, banja lililonse lifukule ngalande yoyang'anana ndi nyumba yace, ndipo ana acotse zinyalala pakamwa pa kalabati. Akulu anati madzi akatayika saoleka; dothi lolowa m'nyanja nalonso silibwerera kumunda.