Ufulu woyanika zovala

Ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, munthu akhoza kugula fulati ndi ndalama zake koma n'kuletsedwa kuyanika malaya pakhonde. Malamulo a nyumba zoterezi ku South Africa amati usamange chingwe pabwalo la onse kapena kuyanika zovala poonekera kunja popanda chilolezo cholembedwa cha komiti. Akuti zimanyansitsa malo, nyumba n'kutsika mtengo.

Ku America ziletso zotere zinafika poti maboma alowererepo. Mu 2009, maboma a Vermont ndi Maine anakhazikitsa malamulo oteteza ufulu woyanika panja. Tangoganizani, aphungu kukhala pansi kukambirana za chingwe!

Kuno ku Tembwe, dzuwa la Okutobala limaumitsa chitenje usanamalize kutsuka mbale. Kumpanda, pazitsamba, pamsana pa nkhokwe, paliponse timayanika, ndipo sindikuona nduna ya mfumu ikuitanitsa mlandu wa zimenezo. Malamulo tili nawo, koma athu ali ndi mutu. Kabudula wam'kati sayanikidwa podutsa apongozi. Matewera sayalidwa pamchenga, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikirapo mazira, mwana n'kutupa zithupsa; ukayala pansi, sita ndi simbi ya makala.

Lamulo loteteza khungu la mwana ndikulimva. Koma lokakamiza munthu kugula makina oumitsira zovala, ife tikukumbukira mmene magetsi ankathimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba? Inu a m'mayadi a mipanda ku Lusaka, chonde chimenecho musatengere.