Khola Lopanda Tambala

Kwathu ku Dedza palibe munthu amene amapempha chilolezo kuti aŵete nkhuku. Mwana akangoyamba kuzindikira, agogo ake amampatsa msoti, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwanayo ali ndi chiŵeto chakechake. Komabe kungakhale kunama kunena kuti kumudzi kulibe malamulo a nkhuku. Alipo ndithu, kungoti sadalembedwe papepala. Aliyense amadziŵa kuti thadzi la mnzako likaikira pansi pa nkhokwe yako, mazirawo si ako. Kuti nkhuku zako zikafukula mbewu za eni kudimba, nkhaniyo ikathera kwa anyakwaŵa. Ndiponso kuti woyanika ufa pamphasa ayenera kuikapo mwana woingitsa, osati kugenda ziŵeto za anzake ndi miyala. Zimenezi tidaziphunzira monga m'mene tidaphunzirira kusamba m'manja tisanadye, popanda wotikhazika pansi.

Ndikulemba mawu ano ndili ku Leeds, m'dziko la England, kumene ndakhala ndi banja langa zaka zoposa khumi. Ana athu aŵiri adabadwira konkuno, ndipo kwa iwo nkhuku idali chinthu chogula kusitolo, chosadzulasadzula kale, chokutidwa m'pulasitiki, chopanda mutu, nthenga ngakhale zipalapaso. Zimenezi zidatidetsa nkhaŵa ine ndi mayi a kunyumba, pakuti mwana amene sadasamalepo chamoyo chilichonse amavutika kumvetsa kuti chakudya chimachokera m'thukuta. Tsono m'chaka cha 2021 tidagwirizana zomanga kakhola kuseri kwa nyumba, pa kabwalo ka udzu kamene munthu angakadutse poponda kakhumi kokha. Apo m'pamene ndidayamba kuphunzira malamulo olembedwa, ndipo ndaganiza kuti aŵerengi anzanga, makolo ndi achinyamata omwe, amveko m'mene zinthu zimakhalira kwa eni.

Choyamba chimene chidandidabwitsa n'chakuti boma la kuno sililetsa kuŵeta nkhuku pakhomo. Pali lamulo lakale la 1950, lotchedwa Allotments Act, limene lidakhazikitsidwa itangotha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, pamene chakudya chinali chogaŵa mwa muyezo ndipo dzira linali chinthu chosoŵa. Lamulo limenelo limalola munthu kusunga nkhuku zazikazi ndi akalulu pamalo amene akukhala kapena kulima, malinga ngati sakuchita malonda, ndiponso ngati ziŵetozo sizikuopseza umoyo wa anthu kapena kuŵasoŵetsa mtendere. Ngakhale zili tero, eni nyumba ambiri amalemba m'mapangano a lendi kuti pamalo pawo safunapo ziŵeto, ndipo nyumba zina zogula zili ndi chiletso chomwecho m'zikalata zake. Munthu wofuna mtendere amayamba waŵerenga mapepala ake, kenaka n'kugogoda kwa anansi. Ine ndidapita kwa mayi wina wachikulire wokhala kudzanja lamanja, amene adangofunsa funso limodzi: «Kodi padzakhala tambala?»

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yonse. Lamulo la 1950 lija limatchula zazikazi zokha, za tambala silinena kanthu. Lamulo lina la 1990, la Environmental Protection Act, limapatsa khonsolo ya mzinda mphamvu yofufuza phokoso limene anansi adandaula, ndipo ikapeza kuti dandaulolo n'lomveka, imalembera mwini chiŵeto kalata yomulamula kuti phokosolo lithe. Wonyozera kalatayo amakaonekera kukhoti ndi kulipira chindapusa. Poyamba munthu wa ku Malaŵi amaseka akamva kuti kulira kwa tambala kungakhale mlandu. Ife amene ndalama yathu yomwe, kuyambira 1971, idatchedwa kwacha ndi tambala, tingamve bwanji zimenezo? Tambala ndiye adali wotchi ya makolo athu: woyamba akalira, apaulendo amanyamuka, wachiŵiri akalira, makasu ali paphewa. Koma taganizani, aŵerengi, kuti kuno mwezi wa June kumayamba kuyera nthaŵi isanakwane 4 koloko m'maŵa, kuti nyumba zathu n'zolumikizana khoma ndi khoma, ndiponso kuti kuseri kwa khoma langa kumagona namwino amene waŵeruka usiku kuchipatala. Tambala amene kumudzi amadzutsa anthu opita kumunda umodzi, kuno angadzutse anthu amene angogona kumene. Ndikaganiza zimenezi sinditsutsa lamulolo, ngakhale kuti khola lopanda tambala limandionekerabe ngati mudzi wopanda mfumu.

Choipa chake n'chakuti popanda tambala palibenso anapiye. Ana anga amatola mazira tsiku ndi tsiku, koma sadaonepo thadzi likufungatira masiku 21, kapena likuitana ana ake pansi pa mapiko kabaŵi akamazungulira kumwamba. Chimenecho ndicho ndimafunitsitsa kuti aone, ndipo ndicho malamulo a kuno adandimana.

Nkhuku zathu zitatu tidazitenga ku bungwe la British Hen Welfare Trust, limene lidayamba mu 2005. Ntchito yake ndi kupulumutsa nkhuku za m'mafamu akuluakulu zimene zakwanitsa pafupifupi chaka ndi theka, msinkhu umene eni mafamu amati zayamba kuchepetsa mazira, ndi kuzigaŵira anthu ozisunga pakhomo. Zidafika zothothoka nthenga, malipombo ali ofooka ndi otuŵa, zosadziŵa ngakhale kupalasa pansi. Patatha miyezi iŵiri zidasanduka nkhuku zenizeni.

Lamulo limene lidavuta kwambiri mayi a kunyumba ndi la zakudya. Kuno n'koletsedwa kupatsa nkhuku zotsala za kukhitchini, ngakhale nkhukuzo zikhale ziŵiri zokha. Mkute, nkhoko za mumphika, makoko a mbatata osenda pophika, zonsezo ziyenera kutayidwa, ndipo nkhuku zidye chakudya chogula m'matumba, kapena masamba ochokera m'dimba osadzera m'khitchini. Munthu woleredwa ndi mayi wa ku Malaŵi amamva kuŵaŵa mumtima akamataya nsima nkhuku zikumuyang'ana. Koma lamuloli lili ndi mbiri yake yomvetsa chisoni. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi adabuka pa famu ya nkhumba ku Heddon-on-the-Wall, kumpoto kwa England, kumene nkhumba zinkadyetsedwa zotsala za chakudya cha anthu zosaŵiritsa bwino. Mliriwo usanathe, ziŵeto zoposa 6 miliyoni zidaphedwa, ndipo mitembo ya ng'ombe ndi nkhosa idatenthedwa milumilu m'minda. Kuyambira pamenepo boma lidatseka khomo limenelo kotheratu, osasiyako mpata ngakhale wa nkhuku ya mwana wasukulu.

Tsono pali chimfine cha mbalame, chimene chimabwera ndi mbalame za m'tchire zouluka kuchokera kumaiko ena nyengo yozizira. Pa 7 November 2022 boma lidalamula kuti nkhuku zonse za mu England, za pafamu ndi za pakhomo zomwe, zitsekeredwe m'makola ofolera, ndipo lamulolo lidachotsedwa pa 18 April 2023. Miyezi isanu yathunthu nkhuku zathu sizidaponde udzu. Tidafolera kampanda kawo ndi lona kuti zitosi za mbalame zina zisagweremo, ndipo pakhomo pa khola tidaikapo beseni la mankhwala loviikamo nsapato. Kuonjezera apo, kuyambira pa 1 October 2024, aliyense wa mu England ndi Wales amene ali ndi nkhuku, ngakhale imodzi yokha, ayenera kuilembetsa ku nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziŵeto ndi zomera, ya Animal and Plant Health Agency. Kale lamulo limeneli linkakhudza okhawo amene ali ndi mbalame 50 kapena kuposa. Kulembetsako n'kwaulere, amafuna dzina lako, kumene ukukhala, mtundu wa mbalamezo ndi chiŵerengero chake, kuti matenda akabuka pafupi akuchenjeze msanga.

Pano mtima wanga uli kumbali ya lamulo popanda kukayika, chifukwa ndikukumbukira chitopa. Ndani mwa ife akuluakulu sadaone nkhuku za mudzi wonse zikuzyolika m'chilimwe, mapiko ali lende, makosi atapindika, mpaka makola onse kuti see m'sabata ziŵiri? Ndipo tonse tikudziŵa m'mene chimayendera: munthu akaona kuti zake zayamba kudwala, amathamangira nazo kumsika kukagulitsa motchipa, wogulayo n'kupita nacho chitopacho kumudzi kwawo pa njinga. Nthenga ndi matumbo a nkhuku yakufa zimatayidwa kudzala kumene za anansi zimapalasa. Katemera wa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, amateteza bwino, koma amathandiza kwenikweni pamene mudzi wonse watemera pamodzi. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe, ndipo pa nkhani ya chitopa mwambi umenewu ulibe chophiphiritsa chilichonse. Azungu adangoulemba papepala ndi kuuikira chindapusa.

Ndimaganizanso za abale athu a m'matauni, ku Kawale, ku Ndirande kapena ku Zolozolo, amene amasunga nkhuku zoyera zamalonda mazanamazana m'chipinda choyandikana ndi zenera la mnzawo. Ndalama ya fizi imachokera m'menemo, ndipo sindinganyoze khama lotere. Koma fungo la utuchi wonyoŵa, ntchentche ndi makoswe sizidziŵa malire a poloti, ndipo mnansi amene amangopirira poopa kudana ndi mnzake wa mumpingo nayenso ali ndi ana ofuna mpweya wabwino.

Chimene sindidachizoloŵere mpaka lero ndi nkhani ya mlendo. Kwathu ulemu wa mlendo ndi nkhuku: anyamata amaithamangitsa mlendo akuona, ndipo nthutumba imaikidwa m'mbale yake kuti adziŵe kuti yaphedwa chifukwa cha iye. Lamulo la kuno limalola munthu kupha nkhuku yake kuti adye ndi a m'nyumba mwake, koma liti iyambe yakomoledwa kuti isamve kuŵaŵa. Ngakhale ikafa yokha, sulola kuikwirira m'dimba. Uyenera kuipereka kwa dokotala wa ziŵeto kapena kwa ena ovomerezeka kutaya mitembo ya nyama. Kwa ife panalinso zina ziŵiri: bungwe lija limapereka nkhuku zake kuti zisungidwe, osati zidyedwe, ndiponso ana adali atazitcha kale maina.

Chaka chatha apongozi anga aakazi adabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu. Ataona nkhuku zitatu zonenepa zikuyendayenda kuseri, adamwetulira osanena kanthu, ndipo ine ndidadziŵa chimene akuyembekeza. Madzulo ake patebulo padafika nkhuku ya kusitolo, yopanda nthutumba. Mdzukulu wawo wamkazi, wa zaka 9, ndiye adaŵafotokozera m'Chicheŵa chake chopunduka kuti zakunjazo sizidyedwa, kuti zidalembedwa m'kaundula wa boma, ndiponso kuti yofiirayo dzina lake ndi Nabanda. Gogoyo adaseka mpaka misozi, nati kwawo nkhuku yokhala ndi mfunda sadaionepo. M'maŵa mwake tidaŵapeza kukhola atavala jekete ziŵiri, akuphunzitsa mwanayo kupima ndi zala ngati thadzi lili ndi dzira, ndipo masabata asanu ndi limodzi amene adakhala nafe ntchito yotsekula khola idali yawo.