Amayi a Mkombaphala a ku Manjawira

Ife amene takalambira kuno ku Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, njala ziwiri sitiziiwala. Ya 1992 inatidyetsa nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Ya 2002 ndiye inali yoopsa: anthu anadya madeya ndi mizu ya nthochi. Inatipeza Edzi itasiya kale ana ambiri m'manja mwa agogo awo, poti mankhwala a ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. M'midzi munadzaza ana otupa mapazi, tsitsi lofiirira, osafuna ngakhale kusewera.

Thandizo linabwera, ndipo tiyenera kuthokoza. Kusikelo amayi ankalandira Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya. Patapita zaka kunabwera chiponde cha m'timapaketi, chimene chinadzutsa ana amene tinali titataya nawo mtima. Tinkamvanso kuti ku Blantyre bungwe la Mary's Meals layamba kuphikira phala ana a sukulu, ndipo mu 2006 boma linayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji.

Koma galimoto ya bungwe inkangotsitsa matumba n'kubwerera. Amene ankasandutsa ufawo kukhala moyo wa mwana anali amayi a pasukulu ya mkombaphala. Ankadzuka tambala woyamba atangolira, wina n'kukatunga madzi kumjigo, wina n'kubwera ndi mtolo wa nkhuni wa kunyumba kwake. Mphika waukulu ankautereka pamafuwa pansi pa mtengo, n'kumavundula ndi mthiko wautali, utsi ukuwalowa m'maso. Malipiro panalibe. Ufa wa bungwe ukatha, a mfumu ankaitanitsa mbale imodzi ya chimanga pakhomo lililonse, ena n'kuwonjezera mtedza wosinja, ndipo moto sunkazima.

Ndimakumbukira kamtsikana kena kamasiye kamene kankabwera ndi kapu yapulasitiki yomangirira chingwe m'khosi. Kankangomwako pang'ono, kenako n'kuvundikira kapuyo ndi tsamba. Mayi wina wophika atakalondola tsiku lina, anapeza kuti phala lotsalalo kankakamwetsa mng'ono wake amene ankatsala ndi agogo osaona. Mayiyo sanakalipe, sanauzenso gulu. Kuyambira tsiku limenelo ankangothira zipande ziwiri m'kapu ija, n'kunena chapansipansi kuti, "Iwe mwanawe, chimodzichi umalize pompano ndikuona." Patapita masiku anayamba kukatenga yekha khandalo, n'kumabwera nalo kumbuyo ngati lake.

Makolo athu ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amayi amenewa mawuwa ankawachita ndi manja. Ambiri a iwo anatisiya, ndipo maina awo sanalembedwe pachikwangwani chilichonse. Koma ana aja alipo. Ena akuphunzitsa, ena akugulitsa malonda pamsika pathu pano, ena ali ndi mabanja awoawo.

Mabungwe amabwera ndi nthawi yawo, ndipo ndalama zawo zikatha amapita. Ana amasiye ndi a m'mabanja ovutika ndiye sadzatha m'midzi mwathu. Choncho inu adzukulu anga amene munamwa phala lija, mukakolola chaka chino patulani ndowa imodzi ya chimanga, mukaisiye kumkombaphala wa m'mudzi mwanu. Amayi aja mukhala mutawathokoza.