Makope a Amalume ndi Mbalame za M'mbali mwa Shire

Sendezani mikeka kuno, zidzukulu zanga, mphepo ya madzulo yayamba. Lero m'mawa ndamva mphamba akulira pamwamba pa mlambe uja wa kuseri kwa khola, thadzi n'kuthawira pansi pa nkhokwe ndi anapiye ake, ndipo ndisanasukusule n'komwe ndinapezeka ndikufufuza pensulo m'thumba la jekete. Dzanja ili linazolowezedwa kalekale, ndipo amene analizoloweza ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene inu simunawaone.

Amalume anali munthu wa njanji. Anagwira ntchito zaka zambiri pa siteshoni ya Balaka ndi pa Nkaya, pamphambano paja pamene njanji yopita ku Nayuchi imapatukira, ndipo ntchito yawo inali ya buku: sitima yafika nthawi yakuti, yanyamuka nthawi yakuti. Khalidwe limeneli linawalowa m'magazi, mwakuti akaweruka sankatha kuona chinthu chikufika kapena kuchoka osachilemba. Tsiku lina ndili kamnyamata kovala kabudula wazigamba, anandikoka padzanja nandilozera kumwamba, nati, "Mphwanga, mbalame nazonso ndi sitima. Zili ndi tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka, kungoti palibe amene amazisungira buku." Basi buku lake anayamba kulisunga iwowo.

Anali makope wamba a ana asukulu, ogula m'sitolo ya mmwenye pa Balaka, kope limodzi chaka chimodzi. Ankalikutira ndi pepala la thumba la simenti, pamwamba n'kulembapo chaka ndi manambala akuluakulu, m'kati n'kujambula mizere ndi lula yamtengo: tsiku, dzina la mbalame, malo, ndi mmene kunja kunachera. Pensulo inali yomangirira ku kope ndi kaluzi kuti ana tisaisowetse, ndipo ankaisongola ndi lezala wakale mpaka itatsala ngati chala cha khanda. Makope odzaza ankagona m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, pamodzi ndi jekete la ku ntchito ndi masamba a fodya wouma oingitsira mphemvu ndi chiswe. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wa chingambwe, ndimaona bokosi lija likutsekulidwa, koloboyi akuthwanima, amalume atakhala pa mpando wa ndalema, kapu yachitsulo ya tiyi ikuzizira pambali chifukwa aiwala kumwa.

Chaka chawo sichinkayamba mu Januwale ayi. Chinkayamba cha mu Ogasiti, tsiku limene mphamba wa mchira wa mphanda waonekera koyamba pamudzi. Amayi a m'mudzi ankadana naye chifukwa cha anapiye, koma amalume ankamulandira ngati mlendo wolemekezeka, natsekula kope latsopano. Nthawi imeneyo tchire limakhala litayamba kupsa, phulusa la lupsa likugwera m'mitsuko ndi pa ufa woyanika, mitengo ya tsanya itayoyola masamba n'kutsala mbee, ndipo nkhanga zimatsika m'magulu kukamwa kumene kwatsala timadzi. Apa m'pamene ndinamvetsa mwambi uja woti nkhanga zinapangana kusanapse, pakuti ndinkaziona ndi maso anga zikuyenda mondondozana pa lupsa ngati anthu ochokera kubwalo la milandu.

Kutentha kwa kuno kwathu mu Okutobala mukukudziwa, kuja kwakuti nyenje zimalira mpaka m'makutu kuchita kuwawa ndipo njanji imaoneka ngati ikuvina chapatali. Mwezi umenewu ndi umene pensulo inkatha msanga. Afulagombe ankadutsa m'mwamba akuyimba timaliwu tawo tofewa, ena akukumba mauna m'magombe a mitsinje. Madzulo kuli chisisira tinkapita kukakhala pa njira ya ngolo kudikira lumbe, yule wamphongo amene nyengo imeneyi amamera nthenga ziwiri zazitali zoyera kumapiko, akamauluka n'kumaoneka ngati wakoka nsalu za mkwatibwi. Kenaka ankafika anamzeze apakhosi pofiirira. Amalume ankasiyanitsa bwino anamzeze athu okhala chaka chonse, omanga zisa zadothi kunsi kwa milatho, ndi awa apaulendo, amene sankamanga chisa ngakhale chimodzi kuno. Funso la kumene amaikira mazira linawasautsa zaka zingapo, mpaka bambo mfumu wina wa ku mishoni ya Utale, wochokera ku Ulaya, anawauza kuti mbalame zimenezi zimaswera kwawoko, m'makola a ng'ombe, ndipo kukayamba kuzizira zimaoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara kubwera kuno. Amalume anabwera kunyumba tsiku limenelo ali phee, nsima anangoitsinako pang'ono. Usiku ndinawamva akuuza agogo kuti kambalame kosakwana m'chikhatho kayenda ulendo woposa wa amuna onse a m'mudzi muno amene anapita ku Joni.

Ikagwa chizimalupsa, dothi n'kutulutsa fungo lija limene limachititsa munthu kufuna kulinyambita, ife ana tinkathamangira ku ziulu ndi mabeseni kukagwira ngumbi, ndipo mbalame nazo zinkachita phwando lawo pamwamba pathu. Adokowe akuda a pamimba poyera ankatera m'minda m'chigulu, akuyenda mwaulemu pakati pa mizere kutola ziwala ndi mbozi, ndipo palibe mwana amene ankaloledwa kuwaloza ndi legeni. M'dambo atchete ankaluka zisa zolendewera pa bango, phokoso lake ngati msika wa pa Ulongwe, ndipo timbalame tina timene chilimwe chonse tinali totuwa tinkasanduka tofiira ngati makala amoto. Amalume ankabwera kunyumba nsapato zili matope okhaokha, kope ataliphimba m'kati mwa malaya kuti lisanyowe, agogo akuwakalipira mwachikondi kuti munthu wamkulu ngati iwo adzafera m'dambo chifukwa cha timba. Iwo ankangoseka n'kuyankha kuti timba sachepa ndi mazira ake.

Masika inali nthawi ya nkhondo yathu ndi mpheta. Tinkakhala pa nsanja m'munda wa mapira kuyambira mbandakucha, tikukoka zingwe zomangirira zitini, mawu mpaka kusasa. Nazonso ankazilemba, ngakhale zinkatidyera chakudya. Koma chimene ankachidikira kwambiri chinali cha kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, pamene anamzeze aja ankasonkhana pa mawaya a lamya m'mbali mwa njanji, atandandalika ngati mikanda pa ulusi. Ankawawerenga m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina mawaya n'kupezeka ali okhaokha. Pamenepo ankalemba mawu amodzi okha, "anyamuka," n'kutsekera kope mwakachetechete.

M'miyezi yachisanu, mwera ukuomba, tinkapalasa njinga kupita ku Liwonde kukaona nkhwazi. Tinkaima pafupi ndi baraji, imene inamangidwa mu 1965, mvuu zikufwenthera m'madzi, fungo la chambo chowamba likuchokera ku timisasa ta asodzi. Nkhwazi zimamanga zisa nyengo imeneyi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalira molandizana, mutu zitaugonekera kumsana. Mwaiona pa chizindikiro cha dziko lathu, koma kulira kwake pa Shire m'mawa kuli nkhungu, ana inu, n'chinthu chimene pepala silinganyamule.

Panali mbalame ziwiri zimene anthu ankaziopa. Kadzidzi akalira pa denga, mudzi wonse unkagona ndi mantha kuti kugwa maliro, koma amalume ankatuluka ndi nyali kukaona kuti ndi kadzidzi wa mtundu uti. Anafunafuna kwa zaka zambiri kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, amene amabisala m'mitengo ya masamba ambiri m'mbali mwa Shire, ndipo tsiku limene msodzi wina anawaonetsa, anagula thobwa la anthu onse a padoko. Inayo ndi nantchengwa, mwini chisa chachikulu ngati nkhokwe, chimene makolo ankati ukachiphwasula uchita misala. Apa pokha amalume ankagwirizana ndi makolo ndi mtima wonse, nati mwambo umene umasunga chisa ndi mwambo wabwino.

Njanji ya ku Nayuchi itatsekulidwa mu 1970, ananditenga pa sitima ulendo umene sindidzauiwala. Tinaoloka Shire pa Liwonde, mapiri a Chikala tikuwaona chakumanja, mpaka tinafika pa mtunda wamchenga umene umalekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Chilwa inali itangobwerera kumene, pakuti inaphwa mu 1968, anthu n'kumayenda pansi pamene kale ankapalasa mabwato. Tinapeza avuwo, atsekwe ndi akakowa osawerengeka, akauluka dzuwa n'kuchita ngati laphimbika, ndipo amalume, munthu wa manambala, anaimika pensulo m'mwamba nthawi yaitali kenaka n'kungolemba kuti "zambirimbiri." Asodzi a kumeneko anatiuza kuti matemba akasowa, anthu amatembenukira ku mbalame ndi misampha ndi ulimbo, chifukwa mwana wanjala sauzidwa kuti adikire. Nyanjayo inaphwanso mu 1995, ndipo mu 1997 inalowa m'gulu la madambo otetezedwa pa pangano la Ramsar, yoyamba m'Malawi muno.

Nkhalango ya Liwonde itakhazikitsidwa kukhala malo osungira nyama mu 1973, panali madandaulo m'midzi, pakuti ena anasamutsidwa ndipo njovu sizidziwa malire a munda. Amalume ankawamvetsa odandaulawo, koma mtima wawo unali pa tizinkhwe tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiira, timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya ndipo m'Malawi muno kwawo kwenikweni n'komweko. Azungu amatitchula ndi dzina la mayi wina wa kwawo, Lilian. Masiku ano mwana wa dziko lino, Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, anachita kafukufuku wa timbalame timeneti, ndipo zinadziwika kuti tambiri timafa opha nyama mozemba akathira poizoni m'zithaphwi. Ndikanakonda amalume akanakhala ndi moyo n'kumva kuti mayi wa Chimalawi akuyenda m'tsanya ndi kope m'manja ngati iwo.

Mvula ikachedwa, amuna a m'mudzi ankabwera pakhonde kudzafunsa kuti, "Akuluakulu, mbalame zanu zikuti bwanji, tibzale?" Iwo ankatulutsa bokosi lija, n'kuyala makope a zaka khumi pa mkeka, n'kumawerenga: chaka chakuti adokowe anafika mvula isanagwe ndi masiku akuti, chaka chakuti anafika koma mvula inanama. Sankalosera ayi. Ankati mbalame sizigwetsa mvula, ndipo kope silidziwa za mawa, limangokumbukira za dzulo mosanama, pamene mutu wa munthu umakumbukira zimene ukufuna. M'chilala cha 1992 anawauza anthu mosabisa kuti alibe yankho, ndipo ine ndimawalemekeza pa chimenechi koposa china chilichonse.

Nditakula ndinaona mabuku akuluakulu a mbalame za dziko lino: la C. W. Benson ndi mkazi wake la mu 1977, ndi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006, limene limatchula mitundu 650. Nditawatsekula ndinapeza kuti m'kati mwake muli zomwe zija za amalume, mbalame yakuti, malo akuti, mwezi wakuti, zosonkhanitsidwa kuchokera kwa anthu ambiri oleza mtima.

Masamba amene amandigwira mtima kwambiri ndi a makope omalizira, dzanja litayamba kunjenjemera. Amalume anali ndi chizolowezi cholemba ngakhale chimene sanachione. Kumapeto kwa chaka ankandandalika maina, pambali pake n'kulemba kuti "sindinamuone." Nang'omba, amene kale ankatidzutsa m'bandakucha ndi mawu ake akuya ngati ng'oma ya kutali, anayamba kupezeka pa mndandanda umenewu chaka ndi chaka, pamene matumba a makala ankachuluka m'mbali mwa msewu ndipo tsanya ankatha. Miimba nayo, imene kale inkazungulira kumwamba kukafa ng'ombe, inalowa pomwepo. Munthu wa kope la chaka chimodzi chokha sakanazindikira kuti zapita, poti chinthu chosowa sichilira. Amalume anatisiya Balaka itangokhala kumene boma palokha, pakuti mpaka 1998 tinali pansi pa Machinga, ndipo bokosi lija anasiyira ine.

Ndinapitiriza, ngakhale zaka zina ndinkalemba mwa apo ndi apo. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde, n'kuizinga ndi mpanda wa magetsi. Mu 2017 anabweretsamo akakwiyo, nyama zaliwiro zija zamawangamawanga, chaka chotsatira n'kubweretsa mikango, ndipo nyama zolusazi zitayamba kusiya zotsala m'tchire, miimba inabwerera. Tsiku limene ndinaiona ikuzungulira kutsidya kwa Shire, chakumpoto kwa phiri la Chinguni, ndinakhala pansi pa chitsa chifukwa maondo anandifooka. Nditafika kunyumba ndinatsekula bokosi, fungo la fodya lija n'kundilandira, ndinatenga kope lomaliza la amalume, ndipo pambali pa mawu awo onjenjemera aja ndinalemba ndi pensulo yanga kuti "yabwera, amalume."

Maso anga tsopano achita nkhungu, mizere ya m'kope ikundisokonekera. Iwe wamng'onowe, amene aphunzitsi amati uli ndi dzanja labwino, lowa m'nyumba ukatenge kope latsopano lili pa tebulo, ndalikutira kale. Lemba chaka pamwamba ndi manambala akuluakulu. Tsopano tsekula tsamba loyamba ulembe tsiku la lero, kenaka: mphamba mmodzi, pa mlambe wa kuseri kwa khola, m'mawa, kunja kuli mwera.