Chilankhulo cha Mwana Wosweka Mtima

Ku seminale kuno timaphunzira zilankhulo. Chingerezi timachiyankhula usana ndi usiku, Chichewa timachilemba pa mayeso, ndipo Chilatini timachilawako mu nyimbo ndi mapemphero. Koma chilipo chilankhulo china chimene sichili pa ndandanda wa maphunziro athu, chonsecho tonsefe tinkachidziwa bwino tisanayambe sukulu. Chilankhulo chimenechi ndi masewero. Mwana wa zaka zisanu sangakhale pansi nkufotokoza chisoni chake monga amachitira munthu wamkulu pamaso pa bambo mfumu. Zimene zili mu mtima mwake amaziumba ndi dothi, amazijambula pa mchenga, kapena amazichita ku masanje.

Akatswiri a maganizo anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1929, dokotala wina wa ku London, Margaret Lowenfeld, ankapatsa ana thireyi ya mchenga, madzi ndi tizidole kuti amange dziko lawolawo, iye nkumaonerera. Mu 1947, mayi wina wa ku America, Virginia Axline, analemba buku lofotokoza njira yothandizira ana kudzera m'masewero. Mfundo yake inali yakuti mwana ndiye atsogolere. Wamkulu asam'panikize ndi mafunso, asam'dzudzule, asam'fulumizitse, koma akhale pambali pake ndi kumamuonetsa kuti akuona ndipo akumva. Malire akhalepo okhawo oteteza kuti wina asavulale.

Sisitere wina amene anadzatichezera anatiuza kuti masiku ano ophunzira ena a ntchito imeneyi ku America amapita ku Mexico kapena ku Guatemala kwa milungu ingapo. Kumeneko amagona m'mabanja, amadya zomwe eni ake akudya, ndipo amayankhula Chisipanishi chokhachokha. Chifukwa chake nchakuti ku America kuli anthu oposa 40 miliyoni amene amayankhula Chisipanishi kunyumba, ndipo mwana wovutika mu mtima amathawira ku chilankhulo cha amayi ake. Amakaphunziranso mwambo: momwe mwana amalemekezera akulu, momwe banja limalirira maliro, ndi zidole zimene mwanayo angazizindikire kuti nzakwawo.

Anzanga ena atamva izi anayamba kulota zokwera ndege. Ine maganizo anga anapita kwathu ku Songani, pa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, m'chigwa cha Domasi. Banja lathu limayankhula Chichewa ndipo ndife Akatolika, koma anansi athu ambiri ndi Ayao ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Pa msika zilankhulo ziwirizi zimasakanikirana ngati nyemba ndi nandolo mu lichero limodzi. Akuluakulu amamvana bwinobwino m'Chichewa, koma mwana wamng'ono amene wakulira pa msana pa agogo ake amalota ndi kulira m'Chiyao.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera. Anthu oposa 600 anamwalira, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Boma la Zomba linali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Pa tchuthi cha Pasaka chaka chimenecho ndinapeza kuti kwa agogo ena oyandikana nafe kwabwera mdzukulu wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anachokera kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, chakufupi ndi nyanja ya Chilwa. Khoma la nyumba yawo linagwa usiku, ndipo amayi ake sanatulukemo amoyo. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo anasiya kuyankhula. Ankadya, ankamvera akatumidwa, koma pakamwa panali potseka.

Chinthu chimodzi chokha ankachita tsiku ndi tsiku. Ankapita kuseri kwa khitchini, nkukanda dothi, nkuumba kanyumba. Akamaliza ankatunga madzi m'chitini nkuthira pamwamba mpaka kanyumbako kasungunuke, kenako nkuyambiranso. Agogo ake, amene anali pa kusala kwa Ramadani komanso pa chisoni cha mwana wawo wamkazi, ankaona ngati mdzukuluyo akuchita malodza. Ankam'landa chitini nkum'lowetsa m'nyumba. Palibe angawanene, pakuti kanyumba kalikonse kakagwa ndiye kuti nawonso akumbutsidwa maliro.

Amayi anga ndi amene anakayankhula nawo, mayi ndi mayi mnzake. Anati, "Anganga, msiyeni mwanayu. Ife akulu tinalira pa maliro, iye sanalire. Mwina kulira kwake nkumeneku." Agogowo anavomera monyinyirika, ndipo amayi anandituma kuti ndizikhala naye masana aliwonse kuti asapite kumtsinje yekha.

Ndinalibe luso lililonse, ndipo za Axline ndinali ndisanazimve. Ndinkangokhala pa njerwa pambali pake nkumakanda dothi langa. Chiyao changa chinali cha pa msika, chogulira tomato ndi usipa, choncho madzulo ndinkapempha mnzanga amene ndinaphunzira naye ku pulayimale kuti andiphunzitse mawu. Anandiuza kuti dothi ndi litaka, madzi ndi mesi, mtsinje ndi lusulo, mwana ndi mwanache. Mwanayo akathira madzi, ine ndinkangoti, "Mesi." Kanyumba kakagwa ndinkakhala chete. Sindinam'bweretsere chithunzi cha woyera mtima kapena kum'phunzitsa pemphero lathu, pakuti mapemphero anali nawo akwawo, ndipo agogo ake anandikhulupirira chifukwa ankadziwa kuti sindidzadutsa malire amenewo.

Patatha masabata awiri masewero anasintha. Anaumba kamunthu nkukaika m'kanyumba, koma asanathire madzi anakatulutsa nkukakhazika pa mwala. Anachita zimenezi katatu. Kachitatuko, osandiyang'ana nkomwe, ananena liwu limodzi lokha, "Amama." Ndinamva tsitsi likuima. Madzulo a tsikulo analira kwa nthawi yaitali pa miyendo pa agogo ake, ndipo m'masiku otsatira mawu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, onse a m'Chiyao. Mpaka lero mitambo ikada amathamangira m'nyumba, koma ali pa sukulu ndipo amamenya mpira wa chikulunga ndi anzake.

Sindikunena kuti aliyense wokhala pambali pa mwana wasanduka dokotala. Pali ana ena amene bala lawo ndi lakuya kwambiri: osagona, osadya, odzivulaza, kapena ochitidwa nkhanza. Amenewo ayenera kupita nawo ku chipatala kuti akaonedwe ndi odziwa ntchito. Ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God amagwira ntchito yomweyi ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma odziwa ntchitowa ndi ochepa, ndipo ana ovutika ali m'mudzi uliwonse. Woyamba kuwaona ndi kholo, mphunzitsi, katekisiti ndi wansembe.

Eklezia si mlendo pa nkhani imeneyi. Yohane Bosco Woyera anayamba kusonkhanitsa anyamata osowa ku Turin mu 1841, ndipo ankayamba ndi masewero asanafike pa katekisimu. Mlaliki Marko, posimba za mwana wamkazi wa Yairo, anasunga mawu a Ambuye m'Chiaramu momwemo, chilankhulo cha kunyumba chimene mtsikanayo ankamva. Abambo a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, ntchito yawo yoyamba inali kuphunzira chilankhulo cha anthu. Ku Domasi komweko, mbusa wa ku Scotland, Alexander Hetherwick, anaphunzira Chiyao mpaka kulemba buku lochiphunzitsira mu 1889. Ngati anthu ochokera kutsidya kwa nyanja anapirira motero, nanga ife amene Chiyao, Chilomwe ndi Chisena timachimva pa khomo pathu tili ndi chifukwa chanji?

Tsono kwa inu makolo athu, mukaona mwana amene wakumana ndi zoopsa akubwerezabwereza sewero limodzi, musathamangire kum'kalipira. Khalani pansi, onererani, ndipo ngati zikupitirira funsani a chipatala. Masanje, phada, bawo, ng'ombe zadothi ndi galimoto zamawaya si kutaya nthawi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene dziko la Malawi linavomereza mu 1991, likuti kusewera ndi ufulu wa mwana aliyense.

Kwa inu abambo otiphunzitsa, tikupempha kuti mwina madzulo amodzi pa sabata anyamata odziwa zilankhulo za m'dayosizi muno aziphunzitsa anzawo. Aphunzitsi alipo kale, timagona nawo m'chipinda chimodzi.

Ndipo kwa inu anzanga, tchuthi chikudzachi tisangokhalira kuyenda ndi buku kukhwapa kuti anthu adziwe kuti ndife a ku seminale. Tiphunzire moni wa anansi athu, tidziwe mayina a masewero a ana awo, tisaope kudetsa buluku ndi dothi. Mulungu akalola, ena mwa ife adzatumizidwa ku maparishi kumene nkhosa zing'onozing'ono siziyankhula Chingerezi kapena Chichewa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wako sufuna womasulira kuti umve chimene chikum'pweteka.